Muli ndi madola 500 ku Harare: geni iti, ndipo idzakudyerani chiyani?

Funsoli silichedwa kutuluka tikakumana. Potuluka m'tchalitchi ku Highfield, pamaliro ku Mabvuku, ngakhale pa gulu la WhatsApp la pabanja, wina amafunsa ndithu: mwana wa ku Joni watumiza kangachepe, kapena abwana andipatsa zanga zosiyira ntchito, ndiye ndiyambe geni yanji kuti ndalamayi iswane? Oyankha sasowa. Uyu akuti matimati, uyo akuti kaunjika, winanso akunong'ona za golide wa ku Mazowe. Onsewa amatchula zimene mudzapeze. Zimene mudzalipire kuti mupeze zimenezo amazidumpha, pena chifukwa sadziwa, pena chifukwa geni yawo iwowo ndi yokukopani inuyo.

Mumzinda uno geni yopanda phindu ndi yosowa, koma iliyonse ili ndi pake pamene imaluma. Ina imadya tulo ndi msana, ina imadya ubale, ina imakutengerani mpaka kundende ya Chikurubi. Choncho pa njira iliyonse ndizifunsa zinthu ziwiri: mtengo wake umaoneka musanalowe? Nanga zikavuta mumatsala ndi chiyani m'manja? Masamu amene ndiike apa ndi ongoyerekeza kuti tione mmene ndalama imayendera. Mitengo ya lero mukaimve nokha pamsika.

Poyamba, ndalama yeniyeniyo ndi chitupa chanu

Munthu wa ku Harare safuna mphunzitsi womuuza kuti ndalama imatha kusungunuka ili m'thumba. Mu Januwale 2009 banki yaikulu inatulutsa pepala la madola a Zimbabwe 100 trillion, ndipo pasanapite nthawi dziko linasiya ndalama yakeyo n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya America ndi randi. Agogo athu ambiri amene anatha mphamvu zawo ku njanji, ku khonsolo ndi m'mafakitale a ku Workington ndi Southerton anapeza penshoni yawo yasanduka ya buledi. Mu Novembala 2016 kunabwera ma bond note, tikuuzidwa kuti ndi ofanana mphamvu ndi dola. Pofika Febuluwale 2019 ndalama za m'mabanki zinatchedwa RTGS dollar, zinayambira pa 2.5 pa dola imodzi, kenako n'kumangotsetsereka. Ndalama yatsopano ya m'dziko, ZiG, inayamba mu Epulo 2024 pa 13.56 pa dola imodzi, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho banki yaikulu inaitsitsa mpaka pa 24 ndi kanthu.

Pa geni izi zikutanthauza kuti munthu amene waoda katundu ndi dola n'kugulitsa mu ndalama ya m'dziko akhoza kuweruka akumwetulira kuti wapindula, mawa lake n'kulephera kuodanso katundu yemwe uja. Palinso msonkho pa ndalama zotumizidwa pafoni ndi ku banki, umene unaikidwa pa 2 peresenti mu Okotobala 2018. Dola ya papepala nayo ili ndi mavuto ake: chenje chimasowa, yong'ambika pang'ono anthu amaikana, ndipo akuba amadziwa bwino nyumba imene mumagona ndalama.

Ifeyo amene makolo athu anachokera ku Malawi tili ndi mtengo wina umene anzathu eni nthaka alibe. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ali ndi chitupa cholembedwa kuti alien, ngakhale anabadwira m'zipatala za mu Harare momwemuno, ku Gomo kapena ku Mbuya Nehanda. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi: wobadwira kuno chisanafike chaka chimenecho, amene kholo lake ndi nzika ya dziko la SADC ndipo iye amakhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Koma chitupa sichisintha chokha, muyenera kupita nokha kwa olemba kaundula. Ndikunena izi chifukwa malonda ogulitsa m'sitolo, kunyamula anthu pagalimoto ndi kumeta tsitsi ndi zina mwa ntchito zimene lamulo linasungira nzika zokha, ndipo polembetsa malo a khonsolo kapena potenga pasipoti chitupa ndiye chimayamba kuyankhula. Ngati chanu chikadali chakale, madola oyamba pa 500 ija apite kumeneko.

Matimati ndi masamba a ku Mbare Musika

Iyi ndiyo geni imene ambiri amayambira, chifukwa mpamba wake ndi wochepa ndipo madzulo aliwonse mumagwira ndalama. Alimi a ku Mutoko, Murewa ndi Domboshava amafika usiku ndi malole, ndipo wofuna katundu wabwino ayenera kukhala ali pamsika kusanache. Pakati pa mlimi ndi inu pamaima anyamata aja otchedwa makoronyera, amene amagwira katundu asanatsike n'komwe m'lole n'kuikapo yawo.

Azakhali anga, amene agulitsa masamba ku Mufakose kuyambira ine ndili mwana, sagula kireti poyang'ana pamwamba. Amaipendeketsa, n'kupisa dzanja m'mbali mpaka chigongono chilowe, kenako n'kutulutsa tomato wa pansi penipeni n'kumufinya pang'ono ndi chala chachikulu. Akatuluka wofewa amangopukuta dzanja pa chitenje n'kumapita, ngakhale wogulitsa awaitane bwanji. "Mwanawe, apamwambawo ndi okopera iwe. Ndalama yako ili pansipo," amatero.

Tinene kuti mwaoda makireti anayi pa madola 10 iliyonse, ndipo kireti imodzi ikutulutsa milu 15 ya dola. Mwaika 40, mwatola 60, ndiye mukuti phindu ndi 20. Tsopano chotsani 2 ya wa ngolo amene wakutulutsirani katundu mumsika, 5 ya galimoto, 1 ya mapulasitiki, 2 ya chakudya chanu chamasana, ndi milu inayi ya ophwanyika. Mwatsala ndi 6, ndipo apa sitinawerengere amene afike tsiku lachitatu n'kufuna kugulitsidwa motaya, kapena amene mwatapako kuti muphikire ndiwo kunyumba. Chakumapeto kwa dzinja ndi m'nyengo imene aliyense wakolola, mtengo ukhoza kugwa pakati pa m'mawa ndi masana.

Chimene geni iyi imalipiritsa kwambiri si ndalama. Ndi tulo, ndi miyendo yotupa, ndi ana amene amapita kusukulu amayi atachoka kale. Ndipo malo amene mwakhalawo si anu. Mu Meyi 2005 kampeni ya boma yotchedwa Murambatsvina inagwetsa misika ndi nyumba, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Kolera itabuka ku Glen View ndi Budiriro mu Sepitembala 2018, mavenda a zakudya ndiwo anayamba kuthamangitsidwa m'misewu. Mu Okotobala 2024 moto unatentha mbali yaikulu ya Mbare Musika, katundu wa anthu n'kupsera momwemo. Ubwino wake ndi umodzi, koma ndi waukulu: tsoka likagwa mumataya katundu wa masiku awiri kapena atatu, osati mpamba wonse. Wa madola 500 sayenera kuika zoposa 100 mu matimati. Yotsalayo ndiyo imamudzutsa tsiku limene galimoto ya khonsolo yamunyamulira zonse.

Belo la kaunjika

Kaunjika saola, ndiye ambiri otopa ndi matimati amathawira kuno. Vuto lake ndi lakuti mumagula chinthu chimene simunachione. Belo limabwera lomangidwa ndi zingwe zachitsulo, ndipo mumadziwa zimene mwagula pokhapokha mwadula zingwezo n'kuyamba kutambasula chovala chimodzichimodzi, fungo lija la mankhwala likukutsamwitsani. Zovala zochepa zapamwamba, zimene atsikana a m'tauni amalimbirana tsiku loyamba, ndizo zimabweza mpamba. Zapakati zimapereka phindu pang'onopang'ono. Zotsalazo ndi zija mumamva ku msika wa kaunjika wa Mupedzanhamo akukuwa kuti ziwiri dola, ndipo zina zimathera kukolopera m'nyumba. Belo likakhala labwino mumaseka. Mabelo awiri otsatizana akakhala oipa, 500 yanu yasanduka mulu wa nsanza pakona ya chipinda.

Ndiye pali lamulo. Boma linalengeza mu 2015 kuti laletsa kulowetsa zovala zakale m'dziko, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyi imazima n'kuyakanso. Mabelo ambiri amachokera ku Mozambique kudzera chakumalire a ku Mutare, ndipo si onse amadutsa pachipata. Wogula belo ku Mbare sanadumphe malire, koma mtengo wa chiphuphu chonse cha m'njira uli m'kati mwa mtengo umene walipira, ndipo apolisi akabwera kudzalanda salanda kwa amene analowetsa, amalanda kwa amene amupeza nalo. Ine kwa woyamba kumene ndimati asagule belo. Apite m'mawa pamene ena akutsegula awo, asankhe zovala makumi awiri kapena atatu zabwino, azichape, azisite, azijambule n'kumagulitsa pa WhatsApp ndi m'maofesi. Phindu pa chovala ndi locheperapo, koma mwagula chimene maso anu aona.

Kuwoloka malire

Apa ndi pamene ife timaoneka ngati tili ndi mwayi woposa anzathu. Chilankhulo tili nacho, abale ku Blantyre, Dedza kapena Mangochi tili nawo, ndipo tikudziwa zimene anthu athu kuno amazilakalaka: mpunga wa Kilombero, usipa, nyemba, zitenje. Basi imanyamuka ku Harare, n'kudutsa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowa m'Malawi pa Mwanza. Zimbabwe ndi Malawi onse ali mu COMESA, ndipo pali dongosolo lopeputsira amalonda ang'onoang'ono, loti katundu wopangidwa m'maiko awiriwa amene ali pa mndandanda wogwirizana adutse ndi mapepala ochepa. Ambiri salidziwa, ndiye amapereka chiphuphu pa katundu amene akanadutsa mwalamulo. Zakudya ndi mbewu zimafunanso zilolezo zake, ndipo ndi bwino kufunsa musananyamuke kusiyana n'kukafunsira pachipata thumba la usipa lili pamutu.

Mtengo wobisika wa njira iyi uli pawiri. Woyamba ndi wakuti mumasewera ndi ndalama zitatu, dola, metikali ndi kwacha, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wa ku banki ndi wa pamsewu. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasiya katundu pangongole ku Limbe kuti adzatolere ulendo wotsatira anatolera mapepala ochuluka omwewo, koma ogula zochepa. Wachiwiri ndi ubale. Simungafike kumudzi chimanjamanja. Amalume akudwala, mwana wa achemwali wathamangitsidwa fizi, denga la agogo likudontha. Zonsezi ndi zoona ndipo ndi zoyenera kuthandiza, koma zimachoka mu mpamba, ndipo palibe amazilemba m'kope. Walira mvula walira matope. Ngati mukufuna geni ya ku Malawi, ikani ndalama ya abale padera musanakwere basi, ikatha muzinena kuti yatha.

Njira ya ku South Africa yodzera ku Beitbridge ndi Musina ilibe vuto la abale, koma imadalira kwambiri zimene boma laganiza mwezi umenewo. Mu Juni 2016 lamulo lotchedwa SI 64 linaletsa mwadzidzidzi kulowetsa zinthu zambiri za m'golosale popanda chilolezo, anthu anakwiya mpaka nyumba yosungira katundu ya ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, ku Beitbridge inatenthedwa. Amene anali atagula kale katundu tsidya lija anaona okha chochita naye.

Nkhuku zoyera kuseri kwa nyumba

Mwa zonse, iyi ndi imene masamu ake amaoneka bwino musanayambe, n'chifukwa chake ndimaikonda. Anapiye a tsiku limodzi amakula m'milungu isanu ndi umodzi. Mtengo wa anapiye, chakudya, katemera, utuchi ndi makala owafunditsira mukhoza kuufunsa lero n'kuulemba. Chakudya chokha chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama yonse. Madola 500 amakwana nkhuku 50 bwinobwino, khola laling'ono n'kutsalako yodikirira.

Zoluma zake nazi. Madzi a khonsolo amatha masiku osatuluka m'madera ambiri, ndipo nkhuku sizidikira. Magetsi nawo, monga tinaonera mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba, akhoza kuzima tsiku lonse, ndiye wodalira firiji amalira. Chitopa chikalowa chimasesa khola. Malamulo a khonsolo amaika malire pa chiwerengero cha nkhuku m'malo okhala anthu, ndipo ngati muli pa lendi, eni nyumba ndi aneba ayenera kuvomereza fungo. Koma chimene chimagwetsa ambiri si matenda ayi. Ndi tsiku la 43. Nkhuku yakula, ogula palibe, ndipo ikudyabe. Tsiku lililonse ikudya phindu lanu, mpaka mumayamba kuipereka pangongole kwa a kutchalitchi ndi a pamzere wanu, aja oti "ndikupatsani kutha kwa mwezi, mayi a mpingo." Mwezi umatha, inu n'kumachita manyazi kukumbutsa munthu amene mumakhala naye benchi imodzi ku Mvano. Woweta wanzeru amapeza ogula anapiye akadali ndi milungu itatu, amalandira kachikole, ndipo salola Disembala kumunamiza kuti chaka chonse chimakhala chotero.

Zobweza msanga

Izi ndizidutsa mofulumira chifukwa yankho langa ndi limodzi. Kusintha ndalama pamsewu, kuja kwa pa Roadport ndi pa Eastgate, kumapatsa ndalama tsiku lililonse, koma n'koletsedwa, ndipo ZiG itangoyamba mu 2024 ambiri anamangidwa n'kukanizidwa belo ya kukhoti. Nthawi zambiri woima pamsewuyo ndalama si zake. Phindu lalikulu limapita kwa mwini thumba amene saoneka, chitokosi n'kukhala cha woima padzuwa.

Katapila amaoneka wokoma papepala: mwabwereketsa 100, mwezi ukatha mulandire 130. Koma kubwereketsa ndalama ngati bizinesi kumafuna chiphaso, ndipo makhoti a kuno salola chiwongoladzanja chosalipidwa kupitirira ndalama imene munabwereketsa. Wopanda chiphaso amatolera ndi ukali, kulanda TV ndi mabedi a anthu amene mawa adzafunika kudzakumba manda a kwanu.

Golide ndi chuma chenicheni cha dziko lino, ndipo okumba ang'onoang'ono ndiwo amapereka woposa theka la amene amafika ku Fidelity, kampani ya boma yogula golide. Koma wa madola 500 sakhala mwini mgodi. Amakhala wogulira anyamata chakudya ndi mafuta a pampu ku Mazowe kapena Shamva, n'kumadikira gawo pa golide amene sakumuona akutuluka. Kupezeka ndi golide popanda chilolezo chilango chake chimayambira zaka zisanu m'ndende. Ndipo amene amalowa pansiwo ndi ana a anthu: mu Febuluwale 2019 madzi anadzaza migodi ku Battlefields pafupi ndi Kadoma, anthu oposa 20 n'kufera momwemo.

Za aja amati ikani 100 pafoni ibale yokha osagwira ntchito, chinyengo chotere chotchedwa MMM chinatiphunzitsa kale mu 2016. Zimangosintha dzina.

Ndikanakhala ine, wokhala ndi kabwalo kuseri ndi madzi a pachitsime ndikanamuuza nkhuku. Wa pa lendi m'chipinda chimodzi, zovala zosankha. Wofuna ya ndiwo ya lero ndi lero, matimati, koma ndi kagawo kochepa ka mpamba. Malire ndi a munthu amene wayamba wazolowera kulemba m'kope ndiponso kukana m'bale wake mwaulemu. Ndipo musagwire ziwiri nthawi imodzi chaka choyamba, mapanga awiri avumbwitsa.

Phindu likabwera, muliika pati?

Funso ili ndi lovuta kuposa la geni, ndipo ndi pamene ambiri a ife tagwera. Chipeleganyu, chimene anzathu amati mukando, chimathandiza chifukwa chimachotsa ndalama m'nyumba musanaidye. Chiyenera kukhala cha dola, cha anthu ochepa odziwana kumene amagona, ndipo chizizungulira msanga. Cha miyezi 12 chokhala ndi anthu 30, amene ena mwangowaonera pa WhatsApp, wolandira kumapeto amakhala akupemphera chaka chonse. Bungwe la maliro, limene makolo athu obwera kuno anayambitsa kalekale kuti mlendo asaikidwe ngati galu, silibala phindu, komabe ndi limene limateteza mpamba, chifukwa maliro amodzi amatha kutseka geni ya zaka zitatu.

Kenako aliyense amalota puloti. Kuno ku Harare malo ambiri a m'mphepete mwa mzinda anagulitsidwa ndi makopaletivu ndi anthu amene sanali eni ake, mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Tendai Uchena, imene inapereka lipoti lake mu Disembala 2019. Nyumba zomangidwa m'madambo ndi pamalo osavomerezeka zagwetsedwa kangapo, eni ake ali ndi malisiti m'manja. Puloti yotchipa kwambiri imakhala ndi chifukwa chake. Musanapereke ngakhale dola imodzi, pitani ku Deeds Office mukaone dzina limene lili pa malowo, ndi ku khonsolo mukaone ngati mapu ake anavomerezedwa.

Kumanga kumudzi ku Malawi kumaoneka kotchipa, makamaka kwa wogwira dola. Koma malo a kumudzi ali m'manja mwa mafumu ndi banja, ndipo kwa ife Achewa, Amang'anja ndi Ayao ambiri amayenda kuchikazi. Bambo amene wamanga pamalo a kwa amayi ake ayenera kudziwa kuti tsiku lina ana a achemwali ake akhoza kunena kuti malowo ndi a mbumba, pamene ana ake obadwira ku Tafara, olankhula Chishona kuposa Chichewa, sakudziwika n'komwe kwa a nyakwawa. Palinso ndalama ya simenti imene imatumizidwa pa Mukuru n'kusanduka chithunzi cha maziko omwe aja chaka ndi chaka. Amene akufunadi nyumba kwawo agule puloti ya pa boma kapena ya m'tauni yokhala ndi mapepala a dzina lake, alipire mmisiri gawo ndi gawo ntchito ikaoneka, ndipo ulendo wina atenge ana akawaonetse kwa amfumu ndi kwa eni mbumba iye akadali moyo.